Uchidakwa Ndi Matenda, Ndipo Munthu Amachira

Phunziro la mwezi uno kwa Amayi Achikatolika a m'Parishi ya Nsipe
Malembo oyamba kuwerenga: Luka 10:25-37

Amayi, kuno ku Nsipe mowa si mlendo. Umapezeka pa ukwati, pa chiliza ndi pa gule wa ngoma. Makolo athu Achingoni ankamwa masese ataweruka kumunda, ndipo chipanda chinkazungulira pakati pa akuluakulu okha. Lero kachasu akuyamba kugulitsidwa dzuwa lisanakwere, ndipo ena mwa ogula ndi ana a sukulu. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma mowa waukali wotsika mtengo unabwerera m'timabotolo. Ndalama za chimanga ndi nyemba zimathera pa Kampepuza bambo asanafike pakhomo. Amene amatsala ndi ana anjala, ngongole ndi manyazi ndinu. N'chifukwa chake phunziroli ndi lanu.

Bwanji sangosiya?

Ambiri mwa inu mwafunsapo funso limeneli misozi ili m'maso. Munthu akamwa kwambiri kwa nthawi yaitali, ubongo wake umazolowera kugwira ntchito muli mowa. Botolo limodzi limene linkamukwana kale silimukwananso. Akapanda kumwa, manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, tulo sabwera, mtima umathamanga. Akamwa pang'ono, zonsezi zimaleka. Apa munthu sakumweranso chisangalalo ayi, akumwa kuti thupi likhale pansi. Umenewu ndiye uchidakwa, ndipo achipatala amauwerenga m'gulu la matenda.

Kunena kuti ndi matenda si kumuchotsera munthu udindo. Wodwala shuga ali ndi udindo wosamala zakudya, koma sitimuchiza pomutukwana. Chidakwa nachonso chili ndi udindo wofuna thandizo, ndipo chipongwe sichinachizepo munthu.

Mowa ndi maganizo zimakokana

Ena amamwa chifukwa mumtima muli kale bala: imfa, ngongole ya katapila, kusowa ntchito, mkangano wa m'banja. Mowa umaiwalitsa usiku umodzi, m'mawa nkhawa imadzuka itakula. Chamba nachonso chimatha kusokoneza mutu, makamaka kwa achinyamata amene ubongo wawo ukukulabe. Lamulo la mu 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chiphaso. Kusuta n'koletsedwabe.

Tikamva za matenda a maganizo timaganiza za munthu wotola zinyalala pamsika. Odwala ambiri saoneka choncho, tili nawo m'nyumba ndi m'tchalitchi. Khalani tcheru munthu akakhala wokhumudwa kupitirira milungu iwiri, osadya, osagona, osasamba, osafuna kucheza ndi anzake. Khalaninso tcheru ndi mayi amene wangobereka kumene koma akungolira, osafuna kuyamwitsa. Ameneyo si waulesi ndipo sanalodzedwe. Akudwala, ndipo chithandizo chake chilipo.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Pali zinthu zitatu zosafunika kudikira kuti kuche.

Choyamba, munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi payekha. Pakapita tsiku limodzi mpaka atatu angathe kugwa ngati wakhunyu, kubwebweta, kapena kuona zinthu zimene palibe, ndipo ena amafa nazo. Kumutsekera m'chipinda kuti mowa umuthere n'koopsa. Achipatala ali ndi mankhwala omuthandiza kudutsa masiku amenewa.

Chachiwiri, munthu akanena kuti bola kufa, musaseke ndipo musamukalipire. Mufunseni mosapsatira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa mpata wolankhula. Musamusiye yekha. Chotsani zingwe, mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo pitani naye kuchipatala. Malipoti a apolisi amasonyeza kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi abambo, anthu amene tinawaphunzitsa kuti mwamuna salira.

Chachitatu, woledzera amene sakudzuka ngakhale mumugwedeze mumugoneke cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo funani thandizo msanga.

Thandizo lili kuti?

Yambirani pafupi: mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, kapena chipatala chathu cha Nsipe. Iwo akaona kuti vuto ndi lalikulu adzakutumizani ku chipatala cha boma ku Ntcheu, kumene kuli ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo. Ofunika kugonekedwa nthawi yaitali amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Mpingo wathu ulinso ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, zimene zimathandiza odwala maganizo ndi ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Wodwala akapatsidwa mankhwala asawasiye chifukwa wayamba kupeza bwino. Ngati akumwanso ma ARV kapena mankhwala a TB, auzeni adokotala zoona za kamwedwe kake, pakuti mowa umavulaza chiwindi ndipo umaiwalitsa mankhwala. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Msamariya wa m'Malembo athu sanangomvera chisoni, anatsuka mabala, nanyamula wovulalayo kupita naye kumene akanasamalidwa.

Anthu amachira

Yohane wa Mulungu Woyera, mwini dzina la zipatala zija, anatsekeredwapo m'chipatala cha amisala ku Granada, m'dziko la Spain, kumene odwala ankakwapulidwa. Atatuluka anapereka moyo wake wonse kusamala odwala mwaulemu mpaka imfa yake mu 1550.

Matt Talbot wa ku Dublin, m'dziko la Ireland, anayamba kumwa ali ndi zaka 12. Mu 1884, ali ndi zaka 28, anapita kwa wansembe kukalonjeza kusiya mowa kwa miyezi itatu yokha. Miyezi itatuyo inasanduka zaka 41, ndipo anamwalira mu 1925 osalawanso. Onani kuti sanayambe ndi lonjezo la moyo wonse. Anayamba ndi zimene akanatha.

Ngakhale Monika Woyera, amene timamukumbukira pa 27 Ogasiti, ali mtsikana anazolowera kumwa vinyo mobisa, mpaka wantchito wa pakhomo anamutcha chidakwa. Anasiya, ndipo mwana wake Augustino sanachite manyazi kulemba nkhaniyi.

Wina akasiya n'kuyambiranso, musati zonse zapita pachabe. Kugwa kumachitika kawirikawiri pa ulendo wochira. Chofunika n'kubwerera msanga kwa aphungu, n'kuona chimene chinamugwetsa: anzake akale, tsiku la msika, ndalama zambiri m'thumba, kapena mkwiyo.

Zimene inu mungachite

Lankhulani naye asanamwe, osati ataledzera, ndipo osati pamaso pa ana. Nenani chimene mwaona ndi chimene chikukuopsani. Lekani kumubisira: musamulipirire ngongole za mowa, musanene bodza kuntchito kwake. Koma kupirira sikutanthauza kulola kumenyedwa. Pakakhala nkhanza tetezani moyo wanu ndi wa ana, dziwitsani ankhoswe ndi amfumu, ndipo pitani ku Victim Support Unit ya apolisi.

Phunzirani kumvetsera. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, ntchito yophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi ndi munthu wankhawa, kumumvera ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loyamba kulithetsa. Kafukufuku anasonyeza kuti anthu ambiri anapepukidwa. Makutu otere aliponso m'miphakati yathu. Chimene chimawononga ndi miseche. Zimene mwamva m'nyumba ya mnzanu zisafike pa mjigo.

Tinenenso chowawa. Ena mwa otcheza kachasu ndi amayi anzathu, ndipo ndalama zake ndi zimene zimagula sopo ndi kulipira sukulu. Kuwaloza chala n'kosavuta, koma sikudyetsa ana awo. Banki m'khonde ya bungwe lanu ingathe kubwereka mayi wotere mpamba wa tomato, mandasi kapena nkhuku, ndipo a CADECOM angakulangizeni za ulimi ndi mabizinesi ang'onoang'ono. Musaiwalenso kuti amayi nawo amamwa, kawirikawiri mobisa, ndipo mowa umavulaza mwana amene ali m'mimba.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi mawu ati amene timatchula nawo zidakwa ndi odwala maganizo, nanga mawuwo amawakokera kwa ife kapena amawathamangitsa?
2. Munthu atadwala usiku m'mudzi mwanu, ndani angamuperekeze kuchipatala, ndipo ndalama yoyendera ichokera kuti?
3. Tingamuthandize bwanji mayi wotcheza kachasu amene akufuna kusiya?

Ntchito ya mwezi uno

Mphakati uliwonse usankhe amayi awiri osunga chinsinsi kuti aziyendera banja limodzi lovutika ndi mowa kamodzi pa mlungu. Atsogoleri apemphe bambo mfumu ndi achipatala cha Nsipe kuti namwino adzalankhule ku bungwe lathu pofika pa 10 Okutobala, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo pa dziko lonse. Pa msonkhano wotsatira mudzafotokoze mmene mwayendera, osatchula dzina la munthu.