NYUMBA YABWINO SILIRA NDALAMA ZAMBIRI

Alimi anzathu, cimanga calowa m'nkhokwe, nshawa zauma, ndipo makasu apumula. Ino ndiyo nyengo yoyang'ana nyumba. Munthu amene adikira mabingu a mwezi wa Novembala kuti ayambe kufuna udzu adzapeza kuti moto unatentha kale dambo lonse, ndipo ana ake adzagona pansi ponyowa dzinja lonse.

Ambiri aganiza kuti nyumba yabwino ndi ya munthu wa ndalama yekha, wokhoza kugula simenti, malata ndi magalasi ku Chipata kapena ku Katete. Si tero iai. Zipangizo zambiri zili pakhomo pomwepo: dothi la pa culu, udzu, nsungwi, phulusa, pamodzi ndi zinthu zimene tizitaya kudzala, monga mabotolo, zitini, matumba a feteleza ndi matayala akutha. M'phunziro lino tidzaona nchito zisanu zimene banja likhoza kuzigwira ndi manja ake mvula isanadze.

1. NJERWA ZOSAOCHA

Uvuni umodzi wa njerwa umadya mitengo ikuluikulu imene inatenga zaka makumi ambiri kuti ikule. Koma njerwa youma ndi dzuwa, ikaumbidwa bwino ndi kutetezedwa ku madzi, ikhala zaka zambiri.

Yambani mwayesa dothi. Thirani dothi m'botolo loonekera mkati kufikira pakati, dzazani madzi, khuchumulani kwambiri, ndipo liimikeni usiku wonse. M'mawa mudzaona kuti mcenga wakhala pansi, ndipo dongo lakhala pamwamba. Dothi loyenera ndi limene dongo lake lili ngati gawo limodzi mwa magawo anai. Dongo likacuruka njerwa zing'ambika pouma. Pamenepo onjezani mcenga. Mcenga ukacuruka njerwa zinyenyeka. Pamenepo onjezani dothi la pa culu.

Pondani dothilo pamodzi ndi udzu wodula-dula, ndi kulisiya ligone. Cikombole mungacikhome ndi matabwa a bokosi lakale. Njerwa zatsopano zipfundeni ndi udzu kuti zisaume mofulumira, ndipo atapita masiku atatu ziimikeni cam'mbali. Zisiyeni masabata atatu kapena anai. Musanamange, gwetsani njerwa imodzi kucokera m'cuuno. Ikaphwanyika tizidutswa-tizidutswa, dothi silinasakanizidwe bwino.

Mdani wa njerwa yosaocha ndi madzi. Cotero maziko akhale a miyala kapena a zidutswa za njerwa zoocha, ndipo akwere cikhatho cimodzi kapena ziwiri pamwamba pa nthaka. Pamwamba pa mazikowo yalani mapepala a pulasitiki ocokera m'kati mwa matumba a feteleza, kuti cinyezi cisakwere m'cipupa. Denga liturukire kunja masentimita 60, ndiko kuti mapazi awiri, ndipo kumbani kangalande kozungulira nyumba.

2. CITOFU CA DOTHI

Mafuwa atatu anatilera tonse, koma ataya moto wambiri m'mbali, ndipo utsi wake uononga maso ndi cifuwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linawerengera kuti m'caka ca 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupi-fupi 3.2 miliyoni. Amene aupuma kwambiri ndi amai ophika ndi ana obelekedwa kumbuyo.

Citofu ca dothi sicilira khobiri. Sakanizani dothi la pa culu, mcenga ndi udzu wodula-dula. Dulani thunthu la nthoci lonenepa ngati masentimita 12, zidutswa ziwiri. Cimodzi cigoneke pansi, ndico cidzakhala khomo la nkhuni. Cina ciime ciriri pa mapeto a coyambaco, kutalika kwake masentimita 30, ndico cidzakhala njira ya moto. Matani dothi mocindikala kuzungulira zonse ziwiri. Pamwamba khazikani mphika umene muphikira masiku onse, kuti dothi litenge maonekedwe ake, ndipo umbani timafuwa titatu tating'ono, kusiya mpata wa cala cimodzi pakati pa mphika ndi dothi, wopitamo moto. Patapita masabata awiri kapena atatu thunthu lidzafota. Licotseni, matani ming'alu, ndipo sonkhani moto wocepa poyamba.

Cifukwa cake citofu cotere cisunga nkhuni ndi ici: dothi lichinga mphepo, mpweya ulowa pa khomo limodzi, ndipo moto wonse ulunjika pa mphika. Nthambi zing'ono-zing'ono ndi zitsononkho zikwanira kuphikira nsima. Mwananso sagweramo monga agwera pa mafuwa. Komatu khichini likhale ndi zenera kapena mpata pansi pa denga, pakuti utsi, ngakhale wacepa, uyenera kuturuka.

3. KUTSEKERA UDZUDZU KUNJA

Udzudzu umene ubweretsa malungo uluma usiku, ndipo khomo lake lalikuru ndi mpata umene ukhala pakati pa cipupa ndi denga. M'nyumba yogonamo matani mpata umenewo ndi dothi kapena zidutswa za njerwa. Pamenepo boolani mazenera awiri oyang'anana, kuti mphepo ilowe uku ndi kuturukira uko, ndipo nyumba idzakhala yozizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala.

Ukonde wa udzudzu umene unang'ambika kwambiri, wosatheka kusoka, musautaye, ndipo musapite nao kumtsinje kukaphera nsomba, pakuti ukokolola ndi tiana tomwe. Dulani zigamba zolimba ndi kuzikhomera pa mazenera ndi timatabwa kapena nsungwi zong'amba. Koma ici sicilowa m'malo mwa ukonde wabwino pogona. Aliyense agonebe mu ukonde usiku uli wonse, makamaka amai apakati ndi ana aang'ono.

4. MADZI NDI UKHONDO

Matenda a kolera amene anabuka m'dziko lathu m'mwezi wa Okutobala 2023 anagwira anthu oposa 20,000, ndipo oposa 700 anamwalira. Matendawa ayenda ndi madzi oipa ndi manja osasamba. Pano zinthu zakale zikhoza kupulumutsa moyo.

Tengani kacigubu ka malita asanu kamene munali mafuta ophikira. Kaboleni ndi msomali wamoto pafupi ndi kukamwa, kapacikeni pa mtengo wopingasa pakati pa mphanda ziwiri pafupi ndi cimbudzi, ndipo mangani cingwe kucokera kukamwa kwake kufikira ku kamtengo ka pansi. Munthu akaponda kamtengoko madzi aturuka, ndipo asamba osakhudza cigubu. Pambali pakhale sopo, kapena phulusa ngati sopo palibe. Pansi thirani timiyala kuti pasacite matope.

Mangani thandala la nsungwi pa dzuwa, lofika m'cuuno, kuti mbale ziume kutali ndi agaru ndi nkhuku.

Amene ali ndi denga la malata asalole madzi a mvula kungopita. Mvula ya milimita imodzi pa denga la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ipatsa lita imodzi. Motero denga la mamita 6 ndi mamita 4, pa mvula ya mamilimita 10, ligwetsa malita 240, oposa diramu lathunthu. Lata lakale lopindidwa likhala mtsinje wolandirira madziwo. Madzi oyamba asiyeni apite, cifukwa atsuka pfumbi ndi zitosi za mbalame, ndipo diramu likhale lobvundikira nthawi zonse.

Madzi akumwa muwawiritse kapena muthiremo klorini. Ngati zonsezi zasowa, thirani madzi oyera m'mabotolo a pulasitiki oonekera mkati, osapitirira malita awiri, ndi kuwagoneka pa malata pa dzuwa lowala maola asanu ndi limodzi. Kukakhala mitambo, masiku awiri. Madzi amatope ayambe asefedwa.

5. KUKONGOLETSA

Nyumba yaudongo ikondweretsa mtima, ndipo mlendo aona ulemu wa eni ake asanalonjeredwe. Amai adziwa kale kumene kupezeka dothi loyera, lofiira ndi lakuda. Loyera lipakeni m'kati, pakuti liwalitsa nyumba ndi kuonetsa msanga pobisala nsikidzi ndi mphemvu. Lofiira ndi lakuda likhale la maluwa a pakhonde. Pansi pazirike kawiri-kawiri, kuti utitiri ndi matekenya zisapeze ming'alu.

Tayala lakutha, mutaluka zingwe pakati pake, likhala mpando. Matabwa a mabokosi, opacikidwa ndi waya, akhala posungira mabuku a ana a sukulu kutali ndi ciswe. Nsanza za citenje zosokedwa pamodzi zikhala nsaru ya pa zenera kapena copfunda. Matumba ocapidwa bwino, osokedwa pamodzi ndi kukhomedwa kunsi kwa malata, acepetsa kutentha ndi pfumbi.

Zitini ndi mabotolo odulidwa, obooledwa pansi, ndizo zofesera mbeu za mitengo. Bzalani mango, mapapaya ndi Gliricidia, mtengo umene unayesedwa zaka zambiri pa malo ofufuzira za ulimi a Msekera pafupi ndi Chipata. Masamba ake abwezera conde m'munda, ndipo nthambi zake ndizo nkhuni zoyenera citofu cija.

CENJEZO

Si cinthu ciri conse cakale cimene ciyenera kulowa m'nyumba. Cigubu kapena botolo limene munali mankhwala a thonje, a fodya kapena opha udzu lisasungirepo madzi, mkaka, mcere kapena mafuta, ngakhale mutalitsuka kakhumi. Libooleni kuti wina asalitole, ndipo funsani mlangizi wa za ulimi za katayidwe kake. Diramu limene simudziwa cimene munali lisakhale la madzi akumwa. Musaoche mapulasitiki ndi matayala, ndipo musakolezere moto wophikira ndi mapepala a pulasitiki, pakuti utsi wake ndi waululu. Mabatire akutha asakhale zoseweretsa ana. Citini kapena tayala losiyidwa cagada pabwalo lisunga madzi, ndipo udzudzu uswana momwemo.

Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Nyakwawa aitanitse anthu ake, mabanja atatu kapena anai agwirizane, lero aponde dothi kwa uyu, mawa kwa uyo. Abambo aumbe njerwa ndi kukhoma, amai amange zitofu ndi kuzira, ana atole zitini ndi kuthirira mbande. Musayese kutsiriza zonse sabata imodzi; pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Koma udzu wofolerera umwetedwe tsopano, moto usanalowe m'dambo. Pamene mwakaika, funsani mlangizi wa za ulimi kapena wa za umoyo wa m'dera lanu.