Kodi Ana a Sukulu Angakaone UNZA?

Funso: Mphunzitsi wina wa ku Chadiza akufunsa ngati angatenge ana ake a sukulu kukaona Yunivesite ya Zambia (UNZA) ku Lusaka, ndiponso zimene angakaoneko.

Yankho: N'zotheka ndithu, bola aphunzitsiwo ayambe alembera kalata akuluakulu a payunivesitepo. Mabasi ochokera ku Chipata amadutsa pafupi ndi geti lake, pamsewu wa Great East.

UNZA inatsegulidwa mu 1966, ndipo Chancellor woyamba anali Kenneth Kaunda. Anthu wamba, ngakhale a m'midzi, anasonkha ndalama ndi ziweto kuti imangidwe. Anawo akaone maiwe a Goma Lakes, laibulale yaikulu ndi chosema cha Henry Tayali chotchedwa The Graduate. Nthawi ikalola, akafikenso ku Ridgeway, pafupi ndi chipatala cha UTH, kumene amaphunzitsira madokotala.

Aphunzitsiwo apewe kupita m'nyengo ya mayeso.