Kumanga Mbaula ya Nkhuni m'Khitchini Popanda Ngozi: Malangizo kwa Mabanja a Kunyanja ku Nkhotakota

Nkhuni zavuta kuno kunyanja. Kuchokera ku Dwambazi, kudutsa ku Dwangwa ndi ku Linga mpaka ku Chia ndi ku Benga, mtolo umene kale mayi ankatola kuseri kwa nyumba lero ndi wogula, apo ayi ndi woyendera m'mawa wonse. Owamba nsomba akufuna nkhuni, ootcha njerwa akufunanso zomwezo, ndipo nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, ili mumpanda, si malo olowamo ndi nkhwangwa. N'chifukwa chake mabanja ambiri akusiya mafuwa. Ena agula Chitetezo Mbaula, ija youmba yonyamulika. Ena aona kwa anansi athu a ku Nkhata Bay mbaula ya Changu Changu Moto, imene bungwe la RIPPLE Africa limaphunzitsa kumanga ndi zidina 26 ndi matope. Enanso akufuna yokhala ndi chumuni chotulutsira utsi panja.

Kabuku kano n'ka inu amene mukufuna mbaula yomanga, yokhazikika pamalo amodzi. Musanaike njerwa yoyamba, yankhani mafunso awiri: utsi udzatulukira pati, nanga kutentha kudzakhudza chiyani?

Tikunena za utsi poyamba chifukwa ambiri amaganiza kuti mbaula yatsopano payokha ithetsa chifuwa cha ana. Ofufuza anayesapo zimenezi m'dziko mwathu momwemuno, ku Chikwawa ndi ku Karonga, pa ana oposa 10,000, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017. Mbaula zimene anagawa zinali zoyaka bwino kwambiri, komabe chibayo mwa ana sichinachepe. Chimene chinachepa ndi kupsa ndi moto. Choncho mbaula yabwino imateteza mwana kumalawi, koma utsi umene watsalira m'khitchini yotseka amaupumabe, makamaka khanda limene lili kumsana kwa mayi ake akuvundula nsima.

Malo omangapo

Mangani m'khitchini yapayokha, osati m'nyumba yogona. Khitchiniyo ikhale ndi mpata pakati pa khoma ndi denga, ndiponso zenera kapena zibowo kukhoma loyang'anana ndi khomo, kuti mpweya uzilowa uku n'kutulukira uko.

Kumbukirani mwera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo imeneyi imaomba kuchokera kummwera, masiku ena mpaka asodzi osalowa m'madzi. Ikalowa molunjika pakamwa pa mbaula imatha nkhuni msanga ndi kuulutsa nthethe za moto. Pakamwa pa mbaula payang'ane cham'mbali, osati pakhomo penipeni pamene mwera umalowera.

Ngati khoma ndi la bango, la udzu kapena la mitengo, mbaula italikire mita imodzi, kapena mumange kakhoma ka njerwa kumbuyo kwake kofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Pansi yambani ndi maziko a mizere iwiri ya njerwa zootcha. A ku Dwangwa sanaiwale madzi osefukira a mu Febuluwale 2024, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba zapafupi ndi gombe. Mbaula ya zidina yokhala pansi penipeni imasungunuka ndi chinyezi ngakhale madzi asanalowe m'khitchini.

Dothi

Dothi la kugombe ndi mchenga, siligwira. Katapeni la pachulu kapena dongo la kudambo kumene amayi oumba mbiya amatapa. Koma dongo lokhalokha limang'aluka likauma, ndiye lisakanizeni ndi mchenga pang'ono. Muyeso wake umasiyana malo ndi malo, choncho umbani tizidina titatu, kena kothira mchenga wochepa, kena wapakati, kena wambiri, n'kutiumika pamthunzi. Kamene kauma kosang'aluka komanso kosafumbutuka mukakanda ndi chikhadabo, muyeso wake ndi umenewo. Mankhusu a mpunga, amene amangotayidwa kuzigayo, ndi othandiza mukawasakaniza m'matope ozungulira chipinda cha moto: amasiya timipata tosunga kutentha kuti kupite kumphika. Simenti musaiike mkati moyaka moto, imasweka. Miyala yotola m'madzi ayinso. Ikatenthedwa ikadali ndi madzi mkati imatha kuphulika.

Kamangidwe

Chipinda cha moto chikhale chaching'ono, pakamwa pake pafupifupi masentimita 12 m'lifupi ndi 12 m'mwamba, polowa nkhuni zitatu zokula ngati chala chachikulu cha kuphazi. Amuna ambiri pomanga amakulitsa pakamwa poti mayi aziika zikuni zazikulu. Akatero mpweya wozizira umalowa wambiri, moto umazilala, utsi n'kuchuluka. Pansi pa nkhuni ikani kachitsulo kapena kaphale kokweza nsonga zake kuti mpweya uzidutsa kunsi.

Poumba pokhala mphika, bweretsani sefuliya yeniyeni imene mumaphikira tsiku ndi tsiku. Ilowe m'mbaula kufika pakati pake, ndipo mozungulira pakhale mpata wolowa chala chimodzi, podutsa moto. Apa amayi ndiwo akhale oyesa. Kondowole, nsima ya chinangwa, salola mphika wogwedera. Mthiko ukamira m'nsima ya chinangwa munthu amakoka ndi mphamvu zonse, ndipo sefuliya yongotsamira pamwamba imatembenukira pamiyendo. Mayi akhale pansi kapena pampando wake wa masiku onse, ayese kuvundula sefuliya ili yopanda kanthu, matope akadali ofewa, kuti mukonze pomwepo.

Chumuni

Apa ndi pamene nyumba zimapsera, ndiye werengani mofatsa. Chumuni chimakoka utsi chifukwa mpweya wotentha umakwera. Chikakhala chachitali ndi chowongoka chimakoka bwino. Koma paipi ya lata imatentha kwambiri, ndipo mtengo kapena udzu woyandikana nayo umauma tsiku ndi tsiku mpaka tsiku lina kuyaka wokha, wosakhudzana n'komwe ndi lawi.

Chigawo choyamba cha chumuni, mpaka kupitirira msinkhu wa mwana, mangani ndi njerwa kuti wokhudza asapse. Paipi yopitiriza ikhale ya masentimita 10 mpaka 12 kukamwa kwake. Italikirane ndi mitengo ya denga, mapaso ndi china chilichonse choyaka ndi masentimita osachepera 45. Pamwamba ipitirire nsonga ya denga ndi masentimita 60, chifukwa chumuni chachifupi mphepo ikagunda denga imabwezera utsi m'khitchini. Ivekeni kachipewa kotchinga mvula, kokwezeka ndithu kuti utsi usapanikizike. Pamene paipi yaboola lata tsekani ndi chidutswa china cha lata, osati pulasitiki, chiguduli kapena mphira wa tayala.

Nanga denga la udzu? Malangizo athu ndi akuti paipi ya lata isadutse m'udzu, zivute zitani. Kuikulunga ndi matope sikukwanira, matopewo amang'aluka n'kugwa inu osaona. Ngati mungathe, folerani khitchini ndi malata. Ndi kanyumba kakang'ono, malata ochepa akwana. Ngati simungathe, tulutsani utsi pakhoma n'kumanga chumuni cha njerwa kunja, chokwera kupitirira denga, udzu utadulidwa kutali nacho. Zonsezi zikakanika, mangani mbaula yopanda chumuni m'khitchini yodutsa mpweya bwino. Imeneyi ndi yabwino kuposa chumuni chotentha chobisika m'udzu wouma wa mu Okutobala.

Mkati mwa chumuni mumaunjikana mwaye wonata, makamaka mukamasonkha nkhuni zaziwisi. Mwaye umenewu umayaka. Ukagwira moto chumuni chimalira, paipi imafiira, nthethe n'kumathothokera padenga. Pomanga siyani njerwa imodzi yochotseka kunsi kwa chumuni. Kamodzi pamwezi, mbaula itazizira, chotsani njerwayo, mangani chiguduli kunsungwi yaitali n'kupukuta mkati monse. Mukaona utsi wayamba kubwerera pakamwa pa mbaula, musadikire mwezi.

Moto woyamba

Mbaula iume yokha sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi ya dzinja kupitirira apo. Tsiku loyamba sonkhani timitengo tochepa, kutenthetsa madzi basi, n'kumaonjezera pang'onopang'ono masiku otsatira. Ngati paipi ndi ya lata latsopano lonyezimira, limatulutsa utsi woyera wopweteka likatenthedwa koyamba. Tsekulani paliponse, ana akhale panja. Ming'alu ikaoneka matani msanga, ndipo muziizira mbaula monga muzira pansi pa nyumba.

Kagwiritsidwe ka tsiku ndi tsiku

Nkhuni zikhale zouma, zowaza ting'onoting'ono. Mitengo ya nandolo, zitsononkho ndi nthambi zosadza za keshya kapena gilisidiya zimayaka bwino m'mbaula yotereyi. Nkhuni za mawa musaziyanike pamwamba pa mbaula kapena kuzitsamiritsa kuchumuni. Musakolezere moto ndi majumbo kapena zidutswa za ukonde wakutha; utsi wake ndi poizoni ndipo madontho ake amamatirira pakhungu.

Kwa inu abambo asodzi: zigubu za petulo wa injini, parafini ndi maukonde zisagone m'khitchini. Petulo sadikira kukhudzana ndi lawi. Mpweya wake umayenda chapansi mpaka kukapeza khala lotsalira m'phulusa. Nsomba zowamba zili ndi uvuni wake panja, musaziwambire pachumuni.

Njerwa za mbaula zimakhalabe zotentha moto utazima kale, ndipo mwana wokwawa sadziwa zimenezi. Ikani chotchinga pakhomo la khitchini. Wodwala khunyu asaphike ali yekha. Mukatha kuphika tulutsani zikuni zotsala n'kuzizimitsa mumchenga, ndipo ndowa ya mchenga ndi ya madzi zikhale pafupi nthawi zonse.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi kukazizira, ena amapala makala n'kulowa nawo m'chipinda chogona, zitseko n'kutseka. Chonde musatero. Makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kawirikawiri kwa anthu angapo nthawi imodzi. Mukaona zotere tulutsirani onse panja msanga n'kuthamangira nawo kuchipatala, ngakhale aoneke ngati atsitsimuka.

Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Chotsani mphete, zibangili ndi mikanda pasanatupe, koma nsalu yomatirira pakhungu musaikoke. Dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, dothi, zonsezi zimalowetsa tizilombo pabala; matuza musaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera yochapa bwino. Ngati wapsa ndi mwana, kapena bala ndi lokula kuposa chikhatho cha wopsayo, kapena lili kumaso, m'manja, kumaliseche ngakhale polumikizira mafupa, pitani naye tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi, chachikulu cha boma ku Nkhotakota kapena cha St Anne's. Woyamwa apitirize kuyamwa panjira, ndipo wamkulu muzimupatsa madzi akumwa pafupipafupi mpaka mukafike.