Kodi kusanja mawu a Chingerezi m'magulu n'kothandiza?

Funso: Aphunzitsi, mwana wanga wa Sitandade 7 amalemba mawu a Chingerezi m'kope, n'kumawasanja potengera kuchuluka kwa zilembo komanso mathero ake. Kodi akuphunzirapo kanthu, kapena akungotaya nthawi? — Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, musamuletse, mwanayo wapeza njira yabwino. Taonani mawu a zilembo zisanu othera ndi -ight: light, night, right, fight ndi sight. Onsewa amamveka mofanana kumapeto, choncho mwana akadziwa kulemba amodzi, enawo savutanso.

Mathero amasonyezanso ntchito ya mawu m'chiganizo. Othera ndi -tion, monga nation ndi education, kawirikawiri amakhala mayina, pomwe ambiri othera ndi -ly, monga slowly, amafotokoza mmene chinthu chachitikira. Kuwerenga zilembo kumamuthandiza kuzindikira akadumpha chimodzi, ndipo ndi luso lofunika pa masewera monga Scrabble ndi Wordle. Wordle, amene anatchuka mu 2021, amafuna mawu a zilembo zisanu basi.

Komabe achenjere, pakuti Chingerezi sichitchulidwa mmene chimalembedwera nthawi zonse. Mawu akuti rough, cough, though ndi through onse amathera ndi -ough, koma aliwonse ali ndi katchulidwe kakekake.

Mndandanda paokha sukwanira. Mulimbikitseni kuti mawu aliwonse aziwayang'ana tanthauzo mu dikishonale, aziwatchula mokweza, kenako aziwapangira chiganizo. Mawu khumi owadziwa bwino amaposa zana ongoloweza.