Ulendo wa pa Ndege Kuchoka ku Chileka Kupita ku Lumbadzi

Bwalo la ndege la mzinda wa Blantyre lili ku Chileka. La mzinda wa Lilongwe lili ku Lumbadzi ndipo limatchedwa Kamuzu International Airport. Bwalo limeneli linatsegulidwa m'chaka cha 1983, patapita zaka 8 likulu la dziko lathu litasamuka ku Zomba.

Msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi wautali makilomita oposa 300. Umadzera ku Lunzu, nuwoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa, kenaka nukwera zitunda za ku Ntcheu ndi ku Dedza. Basi imatha maola 4 kapena 5 panjira imeneyi, chifukwa imakhotakhota, imachedwa pa zitunda ndiponso imaima kutsitsa anthu.

Ndege ilibe mavuto otere. Mumlengalenga mulibe mlatho, mulibe phiri lolizungulira, mulibenso ng'ombe zodutsa pamsewu. Ikanyamuka ku Chileka imangolunjika chakumpoto, kupendekera pang'ono kumadzulo. Mtunda wolunjikawu ndi makilomita pafupifupi 245, ndipo ndege imaumaliza ola limodzi lisanakwane. Mphepo ikamawomba kuchokera kutsogolo, ndege imachedwerapo. Ikamawomba kuchokera kumbuyo, imafika msanga.

Komabe nthawi youluka si nthawi ya ulendo wonse. Taganizani za mayi wa ku Limbe amene walandira uthenga wakuti mwana wake wadwala mwakayakaya ku Lilongwe. Mumtima mwake akuti, "Ndikwera ndege, ola limodzi ndafika." Kodi waganiza bwino?

Poyamba ayenera kupeza galimoto yomufikitsa ku Chileka, makilomita 16 kuchokera pakati pa mzinda wa Blantyre. Ayenera kufika pabwalopo kudakali ola lathunthu, kuti aonetse tikiti yake ndiponso kuti katundu wake ayesedwe pa sikelo ndi kufufuzidwa. Akatera ku Lumbadzi, ulendo sunathe ayi. Adikire katundu wake, kenaka ayendenso makilomita ena pafupifupi 25 kuti alowe mumzinda. Zonsezi zikaphatikizidwa, mayiyu atha maola ngati atatu. Wafulumira ndithu kuposa wa pa basi, koma osati monga momwe amaganizira, ndipo walipira ndalama zambiri.

Chinanso n'chakuti ndege ili ndi nthawi yake yonyamukira, ndipo siyembekeza munthu. Uthenga uja ukamupeza ndege itapita kale, mayiyu angathe kufika msanga kwa mwana wake atathamangira kokwerera basi.

Mafunso

1. Tchulani malo atatu amene msewu wopita ku Lilongwe umadutsa.
2. N'chifukwa chiyani njira ya ndege ili yaifupi kuposa ya basi?
3. Mukadakhala mayi uja, mukadafunsa chiyani musanasankhe njira?