Kusambitsa Pengwini: Ntchito ya Volontiya ku Cape Town

Mawu akuti "volontiya" ambirife tinawadziwira ku Red Cross kapena kwa amayi osamalira odwala m'midzi. Ndi ochepa amene amaganiza kuti munthu angapite kudziko la eni kukagwira ntchito yosalipidwa yosamalira mbalame. M'nkhani ino ndifotokoza zimene ndinaphunzira pa masabata 6 amene ndinathandiza ku SANCCOB, bungwe la ku Cape Town losamalira mbalame za m'nyanja, ndipo ndiunikanso ngati kudzipereka kotereku kumapindulira nyama kapena kumangosangalatsa wodziperekayo.

Bungweli analiyambitsa ndi mayi Althea Westphal m'chaka cha 1968, ndipo mbalame imene limadziwika nayo kwambiri ndi pengwini ya ku Africa. Mbalameyi siuluka. Imayenda chilili ngati munthu, mapiko ake amagwira ntchito ya nkhafi, ndipo kulira kwake kumafanana ndi kwa bulu. Imaswana m'mphepete mwa nyanja ku South Africa ndi ku Namibia basi.

Kuti timvetse kufunika kwa mavolontiya tiyenera kubwerera ku chaka cha 2000. Pa 23 June sitima yotchedwa Treasure inamira pakati pa zilumba za Robben ndi Dassen, ndipo mafuta pafupifupi matani 1,300 anatayikira m'nyanja. Pengwini pafupifupi 19,000 zinadetsedwa ndi mafutawo. Zambiri anazisonkhanitsa m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu ku Salt River, kumene anthu zikwizikwi, ena ochokera kumaiko akutali, anazidyetsa ndi kuzisambitsa imodziimodzi. Zina pafupifupi 19,500 zimene mafuta anali asanazikhudze anazitengera pamalole ku Cape Recife, kufupi ndi mzinda wa Port Elizabeth umene lero ukutchedwa Gqeberha, nakazitaya m'madzi. Nzeru yake inali yakuti pamene zikusambira mtunda wa makilomita pafupifupi 800 kubwerera kwawo, anthu apeze mpata woyeretsa magombe. Zinabwereradi. Mwa zimene zinasambitsidwa, zoposa 90 pa 100 zilizonse zinabwezedwa m'nyanja zili zamoyo.

Mafuta amapha pengwini m'njira ziwiri. Nthenga zake ndi zothithikana kotero kuti madzi safika pakhungu, koma mafuta akazimata, madzi ozizira amalowa ndipo mbalameyo imalephera kusaka nsomba. Kachiwiri, poyesa kudzikonza ndi mlomo imameza mafutawo, amene amaononga matumbo ndi magazi. N'chifukwa chake mbalame ikangofika sathamangira kuisambitsa. Amayamba aipatsa madzi ndi mankhwala kudzera m'kapaipi mpaka itapezako mphamvu, pakuti yofooka ikhoza kufera m'manja. Kusambitsako kumafuna anthu awiri, wina wogwira, wina wotsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, ndipo m'malo ovuta monga kumutu amagwiritsa ntchito mswachi. Sopoyo akatsalira, nthenga zimalowabe madzi, choncho kutsukuluza kumafuna chidwi chofanana ndi kutsuka. Kenaka mbalameyo imasambira m'dziwe tsiku ndi tsiku mpaka oyeza atapeza kuti nthenga zamkati zikutuluka zouma.

Ine sindinayambire pamenepo. Volontiya watsopano amayamba ndi kukolopa, kuchapa matawulo, kutsuka mphasa zodzaza zitosi ndi kusungunula nsomba za m'firiji. Fungo lake limakutsatira mpaka m'minibasi, anthu n'kumasuntha. Kugwira mbalame kumabwera pambuyo. Umakhala pakampando, kuipana pengwini pakati pa maondo, kuitsegula pakamwa ndi kulowetsa nsomba poyambira kumutu. Mlomo wake uli ndi kangowe kunsonga, ndipo ngakhale uvale magolovesi mikono imakhala ndi zipsera. Masiku amene ndinali kumeneko zambiri zimene tinkasamalira sizinali zamafuta koma anapiye osiyidwa. Pengwini ikamasintha nthenga imakhala kumtunda pafupifupi masabata 3 osalowa m'madzi, ndiye ngati anapiye anachedwa kukula, amafa ndi njala makolo awo ali pomwepo.

Lamulo limene linandiphunzitsa zambiri ndi lakuti mbalame zoyembekezera kubwerera m'nyanja sitizisisita kapena kusewera nazo. Pengwini yokuluma ndi yabwino, chifukwa ikuopabe munthu. Yozolowera anthu singakhalitse kutchire.

Apa ndi pamene pagona kusiyana pakati pa malo osamalira nyama enieni ndi malo amalonda. M'dziko lomwelo la South Africa mwakhala muli mafamu oweta mikango amene amalipiritsa achinyamata ochokera ku Ulaya ndi ku America kuti adzayamwitse ana a mikango ndi botolo, powauza kuti anawo ndi amasiye ndipo adzabwezedwa kutchire. Filimu ya Blood Lions ya m'chaka cha 2015 inaonetsa kuti ana ambiri amachotsedwa dala kwa amayi awo, ndipo akakula amathera kwa alenje owombera mkango wotsekeredwa m'mpanda kapena kwa ogula mafupa. Mu May 2021 nduna yoona zachilengedwe panthawiyo, Barbara Creecy, inalengeza kuti boma likufuna kuthetsa ulimi wa mikangowu. Achinyamata aja analibe mtima woipa. Anapereka ndalama zawo ndi nthawi yawo, koma anathandiza kuweta nyama yoti ikaphedwe. Kwa ine, wofuna kudzipereka afunse kaye kuti nyama zimene zachira zimapita kuti, ndipo achenjere ndi malo amene chithunzi chake choyamba ndi cha munthu atanyamula kamwana ka chilombo.

Palinso nkhani ya ndalama. Ulendo, malo ogona ndi chakudya ndi zako, kotero ntchito yosalipidwayi imafikirika ndi amene ali nazo kale. Wophunzira wa kuno amene sangakwanitse angayambire ku Lilongwe Wildlife Centre, kumene anyani, apusi ndi nyama zina zopulumutsidwa zimasamalidwa, ndipo alendo ochokera kunja amabweranso kudzathandiza.

Funso lovuta ndi lakuti, kodi kusambitsa mbalame imodziimodzi kungapulumutse mtundu wonse? Pengwini zinayamba kuchepa kalekale. M'zaka za m'ma 1800 anthu anapala zitosi zimene mbalamezi zinkakumbamo zisa n'kukazigulitsa ngati manyowa, ndipo mazira ake anatoledwa mpaka m'zaka za m'ma 1960. Lero vuto lalikulu ndi njala. Chakudya chake ndi sadini ndi anchovy, tinsomba tofanana ndi usipa, zimene makampani ausodzi amazifunanso. M'chaka cha 2024 bungwe la IUCN linaika pengwini ya ku Africa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Chaka chomwecho SANCCOB ndi BirdLife South Africa anasumira boma, ndipo mu March 2025 khothi lalikulu ku Pretoria linavomereza mgwirizano woletsa usodzi wa nsomba ziwirizi kwa zaka 10 mozungulira malo 6 oswanirana, kuphatikizapo Robben, Dassen ndi Stony Point.