Nkhanza m'banja, chisudzulo ndi kulera ana

Nkhanza ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe khoti ku Malawi limaganizira pothetsa ukwati. Malinga ndi lamulo la maukwati la 2015, woweruza amayenera kukhutira kuti banjalo lasokonekera kotheratu, ndipo kumenyedwa kapena kuzunzidwa m'maganizo kumasonyeza zimenezo. Pamafunika umboni: kalata yakuchipatala, lipoti la ku Victim Support Unit kupolisi, ngakhale mawu a ankhoswe omwe adayesapo kuyanjanitsa awiriwo. Wozunzidwa sayenera kudikira chisudzulo kuti atetezedwe, chifukwa lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limalola khoti kulamula wankhanzayo kuti asiye kapena achoke panyumba.

Za ana ndiye zimavutitsa ambiri. Mwambo wa chikamwini umati ana ndi a kuchikazi, pomwe kumene amalipira malowolo amati ndi a kuchimuna, koma khoti limatsogoza ubwino wa mwanayo. Limayang'ana msinkhu wake, yemwe wakhala akumusamalira, komanso ngati nkhanzazo zingamufikire iyeyo. Kholo lomwe silinapatsidwe ana limakhalabe ndi udindo wopereka chithandizo, ndipo kawirikawiri limaloledwa kuwaona. Osowa ndalama ya loya angathandizidwe ndi Legal Aid Bureau.